Chifukwa chake makompyuta akale ankakana chilembo cha ŵ

Kompyuta siidziwa zilembo. Chimene imasunga ndi nambala zopangidwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, choncho pamafunika mndandanda wogwirizana wonena kuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti. Mndandanda umene unafala kwambiri ndi ASCII, womwe unakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 1963 ndipo zilembo zing'onozing'ono anaziwonjezeramo mu 1967. Unali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi: A ndi nambala 65, pamene w wamng'ono wa W ndi 119.

Zilembo pafupifupi zonse za Chichewa zinapeza malo m'menemo, kupatula chimodzi. Chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, chomwe chimapezeka m'mawu ngati Malaŵi, Chicheŵa ndi kuŵerenga, chinatsalira kunja. Mndandanda wa ISO 8859-1 wa mu 1987, wokhala ndi malo 256, unathandiza Chifalansa, Chijeremani ndi Chipwitikizi, koma ŵ munalibemo. Chinalowa mu ISO 8859-14 m'chaka cha 1998, ndipo kunena zoona sanaganizire ife: anaganizira anthu a ku Wales, amenenso amachigwiritsa ntchito m'chiyankhulo chawo.

Vutoli linathetsedwa ndi Unicode, mndandanda womwe unayamba mu 1991 ndi cholinga chopatsa chilembo chilichonse cha padziko lapansi nambala yakeyake. M'menemo Ŵ ndi nambala 372 ndipo ŵ ndi 373.

Komabe zipsera za nthawi yakaleyo zidakalipo mumzinda wa Lilongwe. Kalata ikhoza kutayipidwa bwinobwino mu ofesi ku Capital Hill, koma munthu akapita nayo kumalo otayipira ndi kusindikiza zikalata ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23, mawu oti Malaŵi n'kutuluka ngati MalaÅµi. Apa sikuti makina awonongeka ayi. Njira yosungira ya UTF-8 imaika ŵ m'magawo awiri, ndipo pulogalamu yowerenga mwachikale imatenga gawo lililonse ngati chilembo pachokha. Choopsa kwambiri chili m'kaundula wa mayina: kwa kompyuta, dzina lolembedwa ndi w ndi lomwelo lolembedwa ndi ŵ ndi mayina awiri osiyana, moti wofufuza akhoza kunena kuti munthu mulibemo pamene alimo. Pa pasipoti, mizere ya pansi yowerengedwa ndi makina imangolola zilembo A mpaka Z, manambala ndi chizindikiro cha <, choncho kadenga kaja kamachotsedwa.

Nkhaniyi imakhudzanso ndalama za boma. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ mmodzi yekha, foni imasinthira ku njira ina yomwe imangonyamula zilembo 70. Ofesi imene ikutumiza uthenga wa katemera kapena wa kolera kwa anthu a ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 25 ikhoza kulipira kawiri kapena katatu pa uthenga womwewo. Pa mauthenga otere, kulemba w wamba ndi nzeru.

Pa zikalata zosindikiza chifukwa chokanira ŵ chinatha kalekale. Mu Microsoft Word, mlembi alembe 0175 patsogolo pa mpata, kenako adine Alt ndi X pamodzi, chilembocho chituluka. Akamasunga mndandanda wa mayina kuti autumize ku ofesi ina, asankhe UTF-8, ndipo adziwitse wolandirayo kuti autsegule m'njira yomweyo.