Kulondola ndege za nkhondo zimene zinkauluka ku Maravia

Mu Malichi 1968, asilikali a Frelimo anayambitsanso nkhondo ya ufulu m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akulowera ku Zambia. Boma la Maravia, lomwe likulu lake ndi Fingoè ndipo Chiputo ndi limodzi mwa madera ake, linali pakhomo penipeni pa nkhondoyi, popeza kumpoto kwake kuli malire a Zambia pomwe kum'mwera kuli mtsinje wa Zambezi. Chaka chotsatira Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa, ndipo anatsimikiza mtima kulitchinjiriza zivute zitani. Nkhalango za miombo ndi mapiri zinkawavuta kuyendamo pansi, misewu nayo inali yotcheredwa mabomba, motero anadalira kwambiri ndege.

Papita zaka zoposa 50 chithereni nkhondoyo, koma funso lakuti ndege zimenezi zinathera kuti likadali ndi anthu olifufuza. Yankho lake lili m'mapepala a ku Portugal, m'mabuku a asilikali a Rhodesia, komanso m'mitu ya agogo a m'midzi ya ku Maravia.

Ndege yoopsa kuposa zonse inali Fiat G.91, jeti yaing'ono yokonzedwa ku Italy ndi katswiri Giuseppe Gabrielli, imene inauluka koyamba mu 1956. Mtundu umene unafika ku Tete, G.91R/4, unali wosowa, chifukwa zinapangidwa 50 zokha. Zinakonzedwera Greece ndi Turkey, koma maiko awiriwa sanazitenge, ndiye zinakakhala m'manja mwa West Germany. Kumeneko n'kumene Portugal inapezako 40, n'kuzilemba manambala kuyambira 5401 mpaka 5440. Zoyamba zinatumizidwa ku Guinea-Bissau mu 1966. Ku Mozambique zinafika mu 1968 n'kukhala ku Nacala, kenako gulu lina lotchedwa Escorpiões linakhazikitsidwa pabwalo la ndege la Chingozi, pafupi ndi mzinda wa Tete. Iliyonse inali ndi mfuti zinayi kumutu, makamera ojambula pansi pamphuno pake, ndi mabomba kunsi kwa mapiko. Inkatha kuthamanga makilomita oposa 1,000 pa ola, moti ikamabwera chapansipansi, munthu wakumunda ankaimva itafika kale pamutu.

Panalinso zina zoyenda pang'onopang'ono. T-6, ndege yakale yophunzitsira ya ku America, anaimangirira mfuti ndi maroketi. Dornier Do 27 inkatera pamabwalo afumbi a m'malinga a asilikali, kutula makalata ndi kunyamula ovulala. Helikopita ya Alouette III inkatsitsa makomando m'thengo, ndipo ina ya mtundu womwewo, imene Apwitikizi ankaitcha Lobo Mau, inkazungulira pamwamba ndi mfuti yaikulu ya mamilimita 20 itasuzumira pakhomo.

Ntchito ya ndegezi siyenera kuiwalika pokamba za kukongola kwa kapangidwe kake. Pa 16 Disembala 1972, ku Wiriyamu, kum'mwera kwa mzinda wa Tete, majeti ndiwo anayamba kuponya mabomba, kenako mahelikopita anatsitsa makomando amene anapha anthu wamba. Wolemba mbiri Mustafah Dhada anasonkhanitsa maina a anthu 385 ophedwa. Dziko lapansi linamva nkhaniyi mu Julaye 1973 pamene wansembe Adrian Hastings anaiulula m'nyuzipepala ya The Times ya ku London, ndipo mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ili ku Maputo. M'madera ambiri a Tete, anthu amene anakana kukakhala m'midzi ya mpanda ya aldeamento ankabisala m'mapiri, kapena kuthawira ku Zambia, ndipo utsi wa pamafuwa unali wokwanira kuitana ndege.

Apwitikizi sanali okha mumlengalengamo. Omenyera ufulu wa Zimbabwe a Zanla ankadutsa m'Tete kuchokera ku Chifombo, kumalire a Zambia, n'kuwoloka Zambezi. Chifukwa cha zimenezi boma la Ian Smith la ku Rhodesia linkatumiza ndege zake kudzasaka misasa mkati mwa Mozambique. Zina mwa izo zinali za mtundu wa Trojan, ndege zing'onozing'ono zopangidwa ku Italy ndi kampani ya Aermacchi, zimene Rhodesia inagula mozemba mu 1967 maiko atailetsa malonda.

Mwezi wa Epulo 1974 unasintha zinthu. Kumayambiriro kwa mweziwo, ndege ya Canberra ya Rhodesia inaphulika ndi mabomba ake omwe ikuukira msasa mu Mozambique. Pa 14 Epulo, Trojan inasowa kumpoto kwa Zambezi, ndipo pa 20 Epulo inzake inagwetsedwa ili pakati pofunafuna yoyambayo. M'ndege iliyonse mwa zitatuzi munafa anthu awiri. Chimene chinagwetsa ma Trojan chinali Strela, mzinga wa ku Soviet Union umene msilikali mmodzi amausenza paphewa, ndipo ukaomberedwa umalondola kutentha kwa injini. Apwitikizi anali atalawa kale mzingawu ku Guinea-Bissau mu 1973, n'chifukwa chake anayamba kupaka majeti awo penti yobiriwira yosawala. Patangopita masiku asanu chigwereni Trojan yachiwiri, pa 25 Epulo, asilikali anagwetsa boma ku Lisbon. Pangano lothetsa nkhondo la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Sepitembala 1974, ndipo Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975.

Wofufuza amene akufuna kudziwa kumene ndege inathera amayamba ndi nambala. Nambala yapamchira imamufikitsa ku mabuku a gulu la ndege, momwe munkalembedwa tsiku, woyendetsa ndi ulendo wake. Mwa njira imeneyi zikudziwika kuti G.91 imodzi yokha ndiyo inawonongeka pankhondo mu Mozambique: nambala 5429, imene mabomba ake anaphulika msanga pa 15 Malichi 1973 n'kupha woyendetsa wake, Emílio Lourenço. Majeti otsalawo anachotsedwa nkhondo itatha, ndipo Portugal inapitiriza kugwiritsa ntchito ma G.91 mpaka 1993. Lero ena akuonetsedwa ku Museu do Ar, nyumba yosungira ndege zakale imene likulu lake lili ku Sintra, pomwe mapepala ake ali m'nkhokwe ya asilikali a m'mlengalenga ku Alfragide. Mbali ya Rhodesia inalembedwa ndi oyendetsa ndege eniake, monga Peter Petter-Bowyer m'buku lake Winds of Destruction, ndipo ndege zawo zina zasungidwa ku nyumba yosungira zinthu zankhondo ya ku Gweru, ku Zimbabwe.

Pansi, m'thengo, ntchito imavuta koposa. Ndege ikagwa n'kupsa, thupi lake la aluminiyamu limasungunuka, n'kutsala injini, miyendo ya matayala ndi zitsulo zina zolimba. Moto wolusa wa chaka ndi chaka umafufuta penti. Aluminiyamu wotsala sakhalitsa, popeza amisiri amamusungunula n'kuumba mapoto ndi masupuni, ndipo ogula zitsulo zakutha amatenga zolemerazo. Chimene wofufuza amafunitsitsa ndi kachitsulo kakang'ono ngati chikhatho cha mwana, kokhomeredwa ndi timisomali pa injini kapena pachigoba, pomwe kampani inadinda dzina lake ndi nambala. Kachitsulo kameneka kakachotsedwa pamalo pake popanda kulemba pomwe kanapezeka, umboni wonse umatayika. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amajambula chithunzi, kulemba malo pa GPS ndi kusiya chinthucho pomwepo. Palinso chifukwa china chosagwirira: pamene panagwa ndege yankhondo pamatha kutsala zipolopolo ndi mabomba osaphulika. Mozambique inalengeza mu Sepitembala 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, koma zida zina zakale zimapezekabe mwa apo ndi apo.

Madzi nawo anabisa zambiri. Zitseko za damu zitatsekedwa mu Disembala 1974, nyanja ya Cahora Bassa inafalikira mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kulowera ku Zumbo, n'kumiza midzi, madooko ndi njira zimene zili pamapu a asilikali a nthawi imeneyo. Kenako kunabwera nkhondo ya Renamo, imene inatha mu 1992 itabalalitsa anthu a ku Maravia, ambiri kukakhala kumsasa wa Ukwimi ku Petauke, ku Zambia.

Kusunga zotsalira za ndege pamalo pomwe inagwera n'kotheka. Ku Mbuzini, ku South Africa, zidutswa za ndege ya Tupolev imene inapha Samora Machel pa 19 Okutobala 1986 zasungidwa pachipilala chimene Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano anatsegulira mu 1999, pamodzi ndi mipope yachitsulo 35 yoimira anthu amene anafa. Kumeneko chitsulo chili ndi maina a anthu pambali pake.

Zimenezi n'zimene zikusoweka ku Maravia. Mabuku a oyendetsa ndege amatchula malo ndi manambala a pamapu, ndipo anthu amene anali pansi amangowatcha adani kapena osawatchula n'komwe. Dzina la phiri limene ndege inawomba, mudzi umene unapsa m'mawa wake, mayi amene anathawa ndi mwana kumsana kulowera ku Katete, zonsezi akudziwa ndi anthu a ku Chiputo, Malowera, Chipera ndi Fingoè. Amene anali ndi zaka 15 mu 1974 lero akuyandikira zaka 70. Mabungwe otha kusunga mawu awo alipo, monga ARPAC ndi Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo. Mphunzitsi wa mbiri amene ali ndi foni yojambula mawu, atapempha chilolezo kwa amfumu ndi kwa eni nkhaniyo, angathe kuyamba ntchitoyi chilimwe chikubwerachi, misewu ikauma.