Agile: Njira Yopangira Mapulogalamu a Kompyuta Cigawo ndi Cigawo

Agile ndi dzina la njira zoyendetsera gulu la akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti nchito igawidwe m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo mwini nchitoyo aziona zimene zapangidwa pakapita masabata ocepa, osadikira mapeto.

Dzinali linakhazikika mu February 2001, pamene akatswiri 17 anakumana ku Snowbird, m'cigawo ca Utah ku America. Iwo anagwirizana pa mfundo zinai: kukambirana kwa anthu kuposa zipangizo, pulogalamu yogwira nchito iposa mulu wa mapepala, kumvana ndi wogula kuposa kukangana pa pangano, ndipo kusintha pakafunika kuposa kukakamira dongosolo loyamba.

Njira yofala kwambiri ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. Nthawi zambiri gulu limakhala la anthu osapitirira 10. Limagwira nchito m'nyengo zodziwika kuti sprint, iliyonse yosaposa mwezi umodzi, ndipo limakumana tsiku lililonse kwa mphindi 15. Nyengo ikatha, gulu limaonetsa cigawo cimene camalizidwa, ndipo mwini nchito amanena zoyenera kukonza.

Ubwino wake ndi wakuti colakwa cimaoneka ndalama zisanathe. Mu 2005, bungwe lofufuza milandu la FBI ku America linataya pulogalamu yake ya Virtual Case File litaonongapo ndalama pafupifupi madola 170 miliyoni. Pulogalamu yolowa m'malo mwake, Sentinel, nayonso inacedwa. Mu 2010 bungweli linatembenukira ku njira za Agile, ndipo Sentinel inayamba kugwira nchito mu 2012.

Phunziro limeneli likhudzanso dziko la Zambia, kumene boma likusamutsira nchito zake pa intaneti kudzera mu Smart Zambia Institute. Ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, kuli sukulu ya Chalimbana Local Government Training Institute, yophunzitsa anchito a makhonsolo. Ambiri a iwo si olemba mapulogalamu. Koma khonsolo ikafuna pulogalamu yotolera msonkho wa pamsika, wanchito wotereyu ndiye adziwa mmene malisiti amayendera ndiponso zimene zimacitika intaneti ikaduka.

Apa ndi pamene njirayi imakhalira yovuta. Agile imafuna kuti munthu wodziwa nchitoyo apezeke pa mapeto a nyengo iliyonse, ndiponso akhale ndi mphamvu yovomereza kapena kukana. Akasowa, gulu limangoculukitsa misonkhano, ndipo zolakwa zimaonekabe pa tsiku lomaliza, ndalama za anthu zitapita kale.