Mbiri ya Mgonero ndi Mwambo wa Chidyerano ku Machinga ndi Balaka

Adzukulu ambiri amaganiza kuti nsima ya chimanga idayamba pamodzi ndi dziko. Sichoncho ayi. Chimanga kwawo ndi ku America, ndipo chidafika m'magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi patapita chaka cha 1500. Chisanafalikire, makolo ankaphika nsima ya mapira ndi mawere, mbewu zopirira ku dzuwa. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire ndi kuona nyanja ya Chilwa mu 1859, adapeza Amang'anja akulimabe mapira pamodzi ndi chimanga.

M'zaka zomwezo Ayao adali kulowa m'derali kuchokera ku Mozambique, ndipo maufumu monga a Kawinga ndi Liwonde adakhazikika. Iwo nsima amaitcha ugali, koma mafuwa adali atatu omwewo, mthiko ndi chipande chimodzimodzi. Balaka idakhala boma palokha mu 1998 itagawidwa kuchoka ku Machinga, koma kadyedwe ka anthu ake sikadagawike.

Mgonero unkayamba kukonzedwa masiku angapo usanadyedwe. Zigayo zisanachuluke, amayi ankakonola chimanga mumtondo, kupeta, kuviika mphale, kusinja ndi kuyanika ufa pamphasa. Ndiwo zinkatsata nyengo. M'dzinja kudali nkhwani ndi therere lothira chidulo. M'chilimwe kudali nandolo, chigwada chotendera nsinjiro, mfutso ndi matemba ouma a ku Chilwa.

Komatu chachikulu sichidali m'mphika, chidali m'kadyedwe. Dzuwa likapendeka, nyumba iliyonse ya pamudzi inkatulutsa nsima ndi ndiwo zake. Abambo ndi anyamata ankadyera pamodzi pabwalo, amayi ndi atsikana chakukhitchini. Mwambo umenewu ndiwo chidyerano. Mwana wamasiye sankagona ndi njala, ngakhalenso mayi amene nkhokwe yake idatha msanga sankachita manyazi, popeza mbale zikasonkhana panalibe wofunsa kuti yaing'onoyi yachokera kwa yani. Pamenepo ana ankaphunzira kusamba m'manja akulu atayamba, ndi kusathamangira ndiwo. Wapaulendo naye ankaitanidwa, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chidafooketsa mwambowu ndi njala pamodzi ndi ndalama. M'njala yaikulu ya 1949, imene idasautsa chigawo chakumwera, mabanja ambiri adayamba kudyera m'nyumba mobisa. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, matemba nasowa pambale. Njala ya 2002 idaonetsanso kuopsa kodalira chimanga chokha, mapira ndi chinangwa zitanyozedwa. Ndiwo zitayamba kugulidwa pamsika wa Liwonde kapena Ulongwe, aliyense adayamba kuwerengera pakamwa pa ana ake okha.

Masiku amenewo sangabwerere monga adaliri. Koma mdzukulu wophika pambaula kaya pamagetsi angathe kusunga mutu wa mwambowu. Aomole mtanda umodzi woposera, atume mwana kukaitana nkhalamba ya pafupi, ndipo banja lidyere pamodzi. M'munda asiyemo mizere ya mapira, nandolo ndi chinangwa, kuti mvula ikavuta mphika usagone. Akale adati kupatsa n'kuika: mbale imene ituluka pakhomo lero idzabwera yodzaza tsiku la usiwa.