Alendo ndi eni nthaka m'mbiri ya Macanga ndi Tsangano

Pamaliro, pamsika wa ku Furancungo ndiponso pamikumano ya miphakati, funso limodzi likumveka kawirikawiri masiku ano: kodi dziko lathu lipitirize kulandira anthu ocokera kunja? Ena akudandaula kuti minda ikucepa, ena akuti mbava zimabisala m'malire, pomwe alimi ambiri a fodya akudziwa kuti popanda anyamata a ku Dedza ndi ku Ntcheu masamba angaonongekere m'munda. Tisanayankhe, tiyeni tiyambe tafunsa makolo athu, pakuti dera lino lakhala likulandira alendo kwa zaka mazana ambiri.

Acewa, amene timawayesa eni nthaka, nawonso anacita kubwera. Mbiri ya makolo imati Amaravi anacokera ku Uluba, m'dziko la Congo. A Phiri atafika anapeza a Banda atakhazikika kale. A Phiri anatenga ufumu, a Banda anasunga za mvula ndi nsembe, ndipo maukwati anawalumikiza kufikira anakhala mtundu umodzi. Pambuyo pake Undi anapatukana ndi Kalonga nakamanga likulu lake ku Mano, kuno ku cigawo ca Tete.

Ca m'ma 1760 kunafika Gonçalo Caetano Pereira, wocokera ku Goa m'dziko la India, amene anthu anamucha Dombo Dombo. Undi anamulola kukumba golide, ndipo banja lake linakwatirana ndi mabanja acifumu a Acewa. Koma ana ndi adzukulu ake anasonkhanitsa mfuti ndi asilikali acikunda, namanga malinga, nakhazika ufumu wawowawo wa Macanga, umene unalemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Mphamvu ya Undi inazilala. Ufumuwo unatha mu 1902, pamene Apwitikizi anagonjetsa Cinsinga. Mlendo ameneyu analandiridwa bwino, koma panalibe lamulo lomuletsa pamene anakula mphamvu kuposa omulandira, ndipo amene analipira mtengo wake ndi anthu wamba ogulitsidwa ukapolo.

Angoni anadza ndi mkondo. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Gulu la a Maseko, litayendayenda zaka zambiri, linakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870, mtsogoleri wake ali Cidyaonga, amene analowedwa m'malo ndi Cikuse. Midzi inatenthedwa ndipo anthu ambiri anatengedwa pankhondo. Komabe ana obadwa kwa amai acicewa ndi acintumba anakula akuyankhula Cinyanja, mpaka Cingoni cinatsalira m'nyimbo, m'ziwongo ndi m'gule wa ngoma. Lero a Jere, a Maseko, a Phiri ndi a Banda amakwatirana ndi kulira maliro pamodzi, ndipo kucuruka kwa ng'ombe m'dera lino nkocokera kumeneko. Zimene zinayamba ndi magazi zinatha ndi cibale, koma zinatenga mibadwo.

Malire amene timawaona ngati akalekale anabwera mocedwa kuposa onsewa. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 ndilo linagawa mtundu umodzi pakati, malume kutsala ku Nyasaland, muphwa ku Moçambique. Kucokera pamenepo ifeyo ndife tinasanduka alendo. Pothawa cibalo ndi msonkho, agogo athu anaolokera ku Nyasaland, ena anakagwira nchito m'mapulazi a ku Rhodesia ndi m'migodi ya ku Joni. Nkhondo yomenyera ufulu itakula ku Tete kuyambira 1968, mabanja enanso anathawa.

Cosaiwalika ndi nkhondo yapaciweniweni imene inatsatira ufulu wa pa 25 Juni 1975. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri acijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, wobadwira ku Portugal, anaphedwa pamodzi ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Mbadwa ndi mlendo anafera anthu amodzi. M'zaka zotsatira midzi yambiri inatsala mabwinja. Malawi, dziko laling'ono ndi losauka, linasunga anthu a ku Moçambique oposa 1 miliyoni. Ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu anakhala m'midzi momwemo, mafumu atawapatsa malo omanga. Nkhuni zinatha m'mapiri, zipatala ndi zitsime zinadzaza, komabe eni midzi anapirira nafe. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kucokera m'maiko oyandikana nafe. Ndipo mu 2016 anthu oposa 10,000 a ku Tete anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Tikudziwanso cimene cimacitika dziko likatembenukira alendo ake. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi obwera, ndipo mmodzi mwa iwo, Ernesto Nhamuave wa kwathu kuno, anatenthedwa wamoyo.

Mbiriyi ikutipatsa yankho la mbali ziwiri, ndipo Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2241, amaphunzitsa mofananamo: dziko lilandire monga lingathere munthu wofuna citetezo ndi moyo, boma lili ndi mphamvu yoika malamulo a kalowedwe, ndipo wobwerayo alemekeze malamulo ndi miyambo ya omulandira. Kutseka malire a Tsangano sikungatheke, pakuti kungakhale kugawa banja. Kusiya zonse popanda lamulo nakonso kunatipweteka kale m'nthawi ya a Pereira. Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo anthu a pamudzi ayenera kufunsidwa malo awo asanaperekedwe kwa wina. Mafumu ndi mabanja aligwiritse nchito, wopempha malo akhale wolemera wa galimoto kapena wosauka wa khasu.

Mayeso enieni ali pakhomo pathu. Mnyamata wa ku Malawi akalima fodya wathu dzinja lonse, alandire zonse zimene tinapangana, osati kumuopseza ndi apolisi cifukwa alibe zikalata pamene fodya wagulitsidwa. Akadwala apite naye kucipatala, mwana wake alembedwe kusukulu, ndipo akamwalira aikidwe mwaulemu. Mwina agogo ake ndi omwe anapatsa amai athu malo omanga msasa ku Ntcheu mu 1987.