Electronegativity ndi resonance mu organic chemistry

Electronegativity ndi resonance ndi mfundo ziwiri zimene zimathandiza kudziwiratu mbali ya molekyulu imene reaction ingachitikirepo, komanso ngati ichitike msanga kapena pang'onopang'ono. Zimagwiritsidwa ntchito kwambiri mu organic chemistry, nthambi ya kemisitiri yofufuza zinthu zopangidwa ndi kaboni. Mfundo zonse ziwiri zimayankha funso limodzi: kodi maelekitironi achuluka pati, nanga aperewera pati? Ma reaction ambiri amachitika chinthu chokhala ndi maelekitironi ochuluka, chotchedwa nucleophile, chikakumana ndi chinthu choperewera maelekitironi, chotchedwa electrophile. Mayina awiriwa anawayambitsa ndi Christopher Ingold wa ku Britain mu 1933.

Electronegativity

Electronegativity ndi mphamvu imene atomu imakokera nayo maelekitironi a mu bondi, chomangira chimene chimalumikiza maatomu awiri. Muyeso wodziwika kwambiri anaukonza ndi Linus Pauling wa ku America mu 1932. Pa muyesowu fluorine ali ndi 3.98, okosijeni 3.44, kolorini 3.16, naitirojeni 3.04, kaboni 2.55, haidirojeni 2.20, ndipo magnesium 1.31.

Kaboni ndi haidirojeni amasiyana ndi 0.35 yokha, choncho amagawana maelekitironi pafupifupi mofanana. N'chifukwa chake parafini ndi phula la kandulo sizisintha zikakhudzana ndi maasidi ambiri. Koma mu gulu la carbonyl, C=O, okosijeni amakoka mwamphamvu ndipo kaboni amatsala ndi chaji pang'ono ya pozitivi. Pamenepo ndi pamene nucleophile imafikira. Kaboni akalumikizana ndi magnesium zinthu zimatembenuka: kaboniyo ndiye amakoka maelekitironi n'kukhala nucleophile. Umu ndi mmene amagwirira ntchito makemikolo amene Victor Grignard wa ku France anatulukira mu 1900, omwe amathandiza kulumikiza kaboni ndi kaboni mnzake.

Kukokaku kumafikanso ku maatomu oyandikana nawo kudzera m'mabondi, koma kumachepa mphamvu mtunda ukamatalika. Kumaoneka bwino pa pKa, nambala yosonyeza mphamvu ya asidi. Nambalayi ikatsika ndi 1, ndiye kuti asidiyo ndi wamphamvu kuwirikiza ka 10. Acetic acid, amene amawawasitsa viniga, ali ndi pKa ya 4.76. Haidirojeni mmodzi wa mu gulu lake la CH3 akalowedwa m'malo ndi kolorini, pKa imatsika kufika pa 2.86, ndipo onse atatu akalowedwa m'malo imatsika kupitirira pa 1.

Resonance

Pali mamolekyulu ena amene chithunzi chimodzi sichikwanira kusonyeza pamene pali maelekitironi ake. Amajambulidwa ndi zithunzi ziwiri kapena zingapo, momwe maatomu sasuntha koma maelekitironi okha ndiwo amaikidwa malo osiyana. Molekyulu siidumphadumpha pakati pa zithunzizo. Ndi chinthu chimodzi chokhazikika, chimene maelekitironi ake ena amwazikana pa maatomu angapo.

Chitsanzo chotchuka ndi benzene, amene August Kekulé anafotokoza mu 1865 kuti ndi mkombero wa maatomu 6 a kaboni. Pa chithunzi, mabondi aawiri ndi amodzi amasinthana. Koma akayezedwa, onse 6 amapezeka ofanana, otalika mapikomita pafupifupi 139, pakati pa 154 a bondi imodzi ndi 134 a bondi yaiwiri. Pauling analongosola mfundoyi m'buku lake la mu 1939, The Nature of the Chemical Bond, ndipo mu 1954 analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri.

Lamulo lake ndi lakuti chaji ikamwazikana, chinthucho chimakhazikika. Ethanol, amene ali mu mowa, ndi acetic acid onse ali ndi gulu la O–H. Ethanol akataya haidirojeni, chaji ya negetivi imaunjikana pa okosijeni mmodzi, pamene mu acetic acid imagawanika mofanana pa maokosijeni awiri. Kugawanaku, pamodzi ndi kukoka kwa gulu la C=O, kumachititsa kuti pKa ya acetic acid ikhale 4.76 pamene ya ethanol ili cha mu 16. Kusiyana kwa mphamvu kumeneku kumaposa kuwirikiza ka 100 biliyoni.

Mfundozi zikatsutsana

Atomu imodzimodziyo ikhoza kukoka maelekitironi kudzera mu bondi kwinaku ikupereka ena kudzera mu resonance. Zikatero, imene yapambana ndiyo imalamulira. Izi zimaoneka pa magulu olumikizidwa ku mkombero wa benzene, pomwe kaboni wonyamula gululo amawerengedwa kuti malo 1.

Mu phenol, okosijeni wa gulu la OH amakoka, koma maelekitironi ake awiri osalowa mu bondi amafalikira mu mkombero. Resonance imapambana, choncho phenol amalandira bromine msanga, pa malo 2, 4 ndi 6. Mu nitrobenzene, gulu la NO2 limakoka m'njira zonse ziwiri. Reaction imachedwa kwambiri ndipo electrophile imalowa pa malo 3. Chlorobenzene ali pakatikati: kukoka kwa kolorini kumachedwetsa reaction kuyerekeza ndi benzene, komabe resonance ndiyo imasankha malo, omwe ndi 2 ndi 4.

Ntchito yake pa mankhwala

Mpikisano womwewu umalamulira kulimba kwa makemikolo okhala ndi carbonyl. Mu acyl chloride, kolorini amapereka zochepa, moti kemikoloyu amasweka atangokhudza madzi. Mu ester, okosijeni amapereka zochulukirapo. Mu amide, naitirojeni sakoka kwambiri ngati okosijeni ndipo amapereka mosavuta, choncho amide ndiye wolimba pa onse atatu.

Asipirini ali ndi gulu la ester. Akasungidwa pachinyontho amasweka pang'onopang'ono n'kutulutsa acetic acid, ndipo mapiritsi otere amanunkha viniga. Mapuloteni a m'thupi amalumikizidwa ndi mabondi a amide, n'chifukwa chake sangosweka okha ngakhale amakhala m'madzi nthawi zonse.

Penisilini nayenso ali ndi amide, koma yomangika mu kamkombero kopanikizika ka maatomu 4. Mmenemo naitirojeni satha kupereka bwino maelekitironi ake, ndipo kaboni wa carbonyl amakhala electrophile yamphamvu. Kaboniyu amamatirira pa enzyme imene bakiteriya amamangira khoma la selo lake, ndipo bakiteriyayo amafa. Mabakiteriya ena amapanga enzyme ya beta-lactamase imene imaswa kamkomberoko mankhwala asanagwire ntchito. Pofuna kuitsekereza, amoxicillin nthawi zina amaphatikizidwa ndi clavulanic acid.

Malire ake

Mfundo ziwirizi sizifotokoza zonse. Kukula kwa maatomu, magulu aakulu otchinga njira, kutentha, ndi madzi kapena kemikolo wina wosungunulira zimasinthanso zotsatira. Mwachitsanzo, fluorine amakoka kuposa iodine, komabe HI ndi asidi wamphamvu kwambiri kuposa HF. Chifukwa chake n'chakuti bondi ya H–I ndi yofooka, ndipo atomu ya iodine ndi yaikulu moti chaji imapeza malo okwanira omwazikanapo.