Mbiri ya Zida Zosambirira Pansi pa Madzi: Kuchokera ku Greece Kufika ku Nyanja ya Malaŵi

Madzulo aliwonse, m'misika ya ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, kwa Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, amayi amaima pa mabenchi a nsomba kusankha ndiwo: usipa wouma, utaka, kapena chambo kwa amene thumba lawalola. Zambiri mwa nsomba zimenezi zimachokera ku nyanja ya Malaŵi, imene gombe lake la ku Senga Bay m'boma la Salima lili pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera mumzindawu. Wogula amaidziwa nsomba itafa kale, ndipo kawirikawiri saganizako za kumene inaswedwa ndi kukulira. Nkhani ya lero ndi ya zida zitatu zimene zinathandiza munthu kuona nsombazo zili moyo kwawo: galasi lovala kumaso, kapaipi kopumira, ndi nsapato zamphira zonga mapazi a bakha.

Aliyense amene anasambirapo mu mtsinje wa Lilongwe kapena wa Lingadzi akudziwa kuti munthu akatsegula maso pansi pa madzi amangoona chimbuuzi. Chifukwa chake n'chakuti diso la munthu limaona bwino pokhapokha patsogolo pake pali mpweya. Ntchito ya galasi lovala kumaso ndiyo kusunga mpweya pang'ono pakati pa diso ndi madzi. Zikatero zinthu zimaoneka bwino lomwe, ngakhale kuti zimaoneka zazikulupo ndi zoyandikirapo kusiyana ndi m'mene zilili.

Anthu amene anatchuka kwambiri pa ntchito yolowa pansi pa nyanja zida zimenezi zisanabwere ndi Agiriki a pa zilumba za Kalymnos ndi Symi m'dziko la Greece. Zilumbazi n'zamiyala ndipo ulimi suyenda bwino, choncho amuna ankadalira kuzula chinkhupule cha m'nyanja, chimene chimamera pa miyala ya pansi pa madzi, n'kumachigulitsa m'maiko a ku Ulaya. Poyamba ankayang'ana pansi kupyolera m'chidebe chokhala ndi galasi kunsi kwake. Akaona chinkhupule, mwamuna ankalumphira m'madzi wopanda chovala, atagwira mwala wophwatalala womangidwa ku chingwe kuti umufikitse pansi msanga. Ankagwira ntchito ndi mpweya wa m'chifuwa mwake mokha, ndipo ukamuthera anzake a m'bwato ankamukoka.

M'zaka za m'ma 1860 pa zilumbazi panafika chovala chatsopano chimene Agiriki anachitcha skafandro. Chinali ndi chisoti chamkuwa, nsapato zolemera ndi paipi yaitali yolandirira mpweya wopopedwa kuchokera m'bwato. Munthu tsopano ankatha kupita pakuya ndi kukhalako nthawi yaitali, ndipo chinkhupule chinachuluka pamsika. Koma phindu limeneli linadza ndi maliro. Amuna zikwi zambiri anafa kapena kupuwala miyendo ndi matenda amene iwo sankawamvetsa, kotero kuti amayi a pa zilumbazo, amene ambiri anasanduka amasiye, anadana nacho kwambiri chovalacho.

Gwero la matendawo linali ili: pa mamita 10 aliwonse amene munthu watsika, madzi amamupanikiza ndi mphamvu ina yofanana ndi ya mpweya wonse wa kumtunda. Pakuya, mpweya wotchedwa naitirojeni umasungunukira m'magazi ndi m'thupi. Munthu akakwera mofulumira, mpweyawo umachita thovu monga chimachitira chakumwa cha m'botolo chikatsegulidwa mwadzidzidzi, ndipo thovulo limatseka mitsempha. Katswiri wa ku France, Paul Bert, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1878. Komabe ngozi zinapitirira. M'chaka cha 1900 amuna a ku Symi anapeza chombo chakale kwambiri chimene chinamira pafupi ndi chilumba cha Antikythera, ndipo pa ntchito yovuula katundu wake mmodzi anafa, awiri anapuwala. M'chaka cha 1908 John Scott Haldane wa ku Britain ndi anzake anafalitsa ndondomeko yosonyeza m'mene munthu ayenera kukwerera pang'onopang'ono, akuima m'malo angapo asanafike pamwamba.

Zida zopepuka zimene zikudziwika lero zinabadwa pambuyo pake. Louis de Corlieu, msilikali wa pamadzi wa ku France, analembetsa nsapato zake zosambirira m'chaka cha 1933, ndipo m'zaka zomwezo anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean anayamba kuvala galasi limodzi lophimba maso onse awiri pamodzi ndi kapaipi kopumira. M'chaka cha 1943 Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anakonza chida chopatsa munthu mpweya kuchokera m'botolo lachitsulo loberekera kumsana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale a ku France, ku Italy ndi ku Greece komwe anayamba kupanga magalasi ndi nsapato zamphira zotsika mtengo. Zida za nthawi imeneyo, zamphira wakuda kapena wobiriwira ndi galasi lozungulira, lero zimasungidwa ndi anthu okonda zinthu zakale.

Ku nyanja ya Malaŵi kulowa pansi pa madzi sikunali kwachilendo. Asodzi ankabira m'madzi kukamasula ukonde ukakodwa m'miyala, ndipo nsomba zambiri anali atazipatsa maina kalekale. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anafufuza za tinsomba tokhala m'miyala ya ku Nkhata Bay, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 1959. Dzina lakuti mbuna, limene lero likudziwika m'maiko ambiri, linachokera kwa Atonga a kumeneko. Pambuyo pake Anthony Ribbink wa ku South Africa ndi anzake anayendera magombe amiyala ndi zilumba za m'nyanjayi atabereka mabotolo a mpweya, ndipo m'chaka cha 1983 anafalitsa lipoti lonena za mitundu ya mbuna pafupifupi 200. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifukwa chokhala phee pansi pa madzi, akatswiriwa anaona chimene ukonde sukanatha kuwauza: mitundu yambiri ya mbuna imakhala pa chilumba chimodzi kapena pa mulu umodzi wa miyala, ndipo ikatha pamenepo ndiye kuti yatha pa dziko lonse lapansi.

Nzeru zoterezi ndi zina mwa zimene zinachititsa boma kukhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma la Mangochi m'chaka cha 1980. Malowa amateteza mapiri, zilumba ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwa anthu onse a pa dziko lapansi.

Zidazi zinabweretsanso ntchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant, amene anamwalira m'chaka cha 2007, ankatumiza kunja tinsomba tamoyo tokongoletsa m'nyumba kuchokera ku Kambiri pafupi ndi Senga Bay. Amene ankatigwira anali Amalaŵi ophunzitsidwa kulowa pansi pa madzi, akupuma mpweya wa m'paipi yochokera ku makina a m'boti, monga ankachitira amuna a ku Kalymnos, koma tsopano akudziwa kuopsa kwa kukwera mothamanga. Ngakhale nsomba zogwidwa pakuya ankazikweza pang'onopang'ono m'migolo kwa masiku angapo, popeza nazonso zimavulala zikatulutsidwa mwadzidzidzi. Kenaka zinkaikidwa m'matumba a madzi n'kupita pa ndege ku Ulaya ndi ku America. Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay achinyamata amapezanso ndalama potsogolera alendo ofuna kuona nsomba ndi galasi ndi kapaipi.

Kodi zonsezi zikumukhudza bwanji mayi wogula ndiwo ku Chinsapo? Munthu wovala galasi amaona m'mene chambo chimaswanirana. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake, kenaka chimakawasiya m'madzi osaya mmene muli udzu ndi bango. Khoka lokokedwa pa malo oterewa limafafaniza zisa, ndipo ukonde wa maso aang'ono, monga neti ya udzudzu, umakokolola ana amene akanakhala chambo cha chaka chamawa. N'chifukwa chake pali lamulo lotseka usodzi wa makoka m'miyezi imene chambo chimaswana. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu yotheratu.

Motero lamulo loteteza nsomba, limene ena amaliona ngati nkhanza kwa msodzi, likugwirizana ndi zinthu zimene anthu anaziona ndi maso pansi pa nyanja. Wogula wa m'tauni ali ndi mbali yake: akakana kugula kasawala, amene ndi ana a chambo, wamalonda adzaleka kumupikula, ndipo msodzi adzaleka kumugwira. Pamenepo chambo chidzapitiriza kufika pa mabenchi a ku Kawale ndi ku Area 25.