Dzina la ambuya pa botolo la vinyo

Tikaloŵa m'masitolo akulu-akulu a mu Lusaka, timaona mabotolo a vinyo ocokela ku South Africa atandandalikidwa pa mashelufu. Ambili a ife timayang'ana mtengo cabe. Koma maina olembedwa pa mabotolowo ali na mbili yake, ndipo lelo tifuna tikambeko za dzina limodzi: Aslina.

Vinyo woyamba ku Cape anapangidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Mu 1685, Simon van der Stel anakhazikitsa famu ya Constantia, imene vinyo wake anachuka mpaka ku Europe. Nanga olima mphesazo anali ndani? Anali akapolo otengedwa ku Madagascar, Mozambique, India na ku zisumbu za Indonesia. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma mcitidwe wochedwa dop unatsala: anchito a pa mafamu anali kupatsidwa vinyo monga mbali ya malipilo awo, ndipo mabanja ambili anagwa m'ucidakwa. Lamulo linaletsa zimenezi m'ma 1960, koma pa mafamu ena zinapitiliza mpaka m'ma 1990. Kwa zaka zoposa 300, anthu akuda anali kuthyola mphesa, koma dzina la pa botolo linali la wina.

Apa m'pamene a Ntsiki Biyela abwelela m'nkhaniyi. Anakulila ku Mahlabathini, ku KwaZulu-Natal, m'manja mwa ambuya awo, a Aslina. Atatsiliza sukulu, ndalama za koleji panalibe, conco anagwila nchito ya m'nyumba. Kenako kampani ya ndeke ya South African Airways inawalipilila maphunzilo a kalimidwe ka mphesa na kapangidwe ka vinyo pa yunivesite ya Stellenbosch. Anayamba mu 1999, asanazoloŵele ngakhale kukoma kwa vinyo. Maphunzilo anali m'Ciafrikaans, cinenelo cimene sanali kucidziŵa. Sanathaŵe. Anatsiliza mu 2003, ndipo mu 2004 analembedwa nchito pa Stellekaya, n'kukhala mkazi wakuda woyamba kugwila nchito ya katswili wopanga vinyo m'dzikolo. Mu 2009 anasankhidwa kukhala mkazi wopambana pa nchitoyi m'caka cimeneco.

Pa Stellekaya anakhalapo zaka zoposa 10, akupangila ena vinyo. Mu 2016 anayamba kampani yawo-yawo na kuipatsa dzina la ambuya aja. Pakati pa vinyo woyamba panali woyela wa mphesa za Chardonnay na Sauvignon Blanc, wofiila wa Cabernet Sauvignon, na wina wofiila wosakaniza mitundu ingapo ya mphesa, wochedwa Umsasane. M'Cizulu, umsasane ni mtengo wa minga umene nthambi zake zimatambasuka monga ambulela, ndipo linali dzina la ambuya awo loŵachulila kumudzi.

Cimene cimatikhudza kwambili n'cakuti a Biyela anayamba alibe munda wa mphesa. Malo a ku Stellenbosch ni odula, ndipo ambili akali m'manja mwa mabanja a azungu. Iwo anali kusankha mphesa kwa alimi ena, kuzigula, na kupangila vinyo m'malo a ena. Cuma cawo cinali luso, na anthu amene anadziŵa nchito yawo. Lelo vinyo wa Aslina amagulitsidwa mpaka ku America.

Nkhani ya malo ikalibe kutha, ndipo munthu mmodzi sangaithetse. Koma ise acinyamata amene timakamba kuti tidzayamba bizinesi tikadzapeza puloti na kapito, tiganizilepo. A Biyela anayamba na kuphunzila nchito mpaka kuidziŵa bwino, ndipo anayembekezela zaka 12 asanalembe dzina la kwawo pa botolo. Ise, ni nchito iti imene tikuiphunzila manje?